Injini ya kandege ikamatsokomola kuno kunyanja

Kandege kathu ndi ka Cessna 172, ka mipando inayi, kopangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Tinagula anthu atatu mosonkherana. Nyumba yoti kazigonamo tilibe, choncho kamakhala panja pa kabwalo ka udzu kuno ku Salima, komangidwa ndi zingwe zitatu, dzuwa ndi mvula zonse zili pa iko. Chaka chilichonse mvula ikakhazikika, mmodzi wa anzangawo amaimba foni ndi mawu omweomwewo: "Achimwene, injini ija yayambanso kutsokomola." Masiku ano ndimangomufunsa funso limodzi: yatsokomola muli pati? Muli pansi mukuyesa magineto (tizipangizo tiwiri topereka moto ku mapulagi), mutangodzuka pansi, mutauluka kale kwa theka la ola, kapena mukutsika? Zinthu zimene zimatsokomoletsa injini ya kabuleta ngati Lycoming O-320 yathuyi ndi zowerengeka, ndipo chilichonse chili ndi nthawi yake yobwerera. Mukadziwa nthawiyo, mwadziwa koyambira kufufuza.

Mutangonyamuka: ganizirani madzi

Vuto ili ndilo limapha anthu, ndiye ndichedwapo.

Zinandichitikira mwezi wa February, m'mawa kutacha bwino mvula itagwa usiku wonse. Ndinali pa ulendo wa ku Lilongwe, umene pa msewu wa M14 umadya pafupifupi maola awiri koma m'mwamba sukwana n'komwe ola. Injini inayaka bwinobwino, poyesa magineto zonse zinali m'malo, pothamanga pabwalo mphamvu inali yonse. Nditakwera mafiti ngati 300, inabanika kawiri motsatizana, ngati munthu wotsamwa ndi munga wa chambo, kenako n'kupitiriza. Ndinazungulira n'kutera pomwepo malaya atanyowa. Titachingira botolo kunsi kwa phiko lamanzere, tinatulutsa madzi odzadza kapu ya tiyi.

Chifukwa chake madzi amadikira nthawi yoipa chonchi n'chosavuta kumva. Lita imodzi ya avgas, mafuta a buluu amene ndege zoterezi zimamwa, imalemera pafupifupi magalamu 720, ya madzi kilogalamu yathunthu, ndiye madzi amakhala pansi pa thanki, pa ngodya iliyonse yotsika. Mafuta amene ali kale m'mapaipi, mu sefa ndi m'kabuleta ndi okwanira kuyatsira injini, kuyenda mpaka kumutu kwa bwalo ndi kuyesa zonse. Ndege ikatukula mphuno, thanki imapendekeka, madzi aja n'kusefukira pakamwa pa paipi, ndipo injini imawalandira pamene ikumwa mwaphamphu, inu muli pafupi ndi nthaka popanda malo okhotera.

Madziwo amalowa bwanji? Ambiri amathamangira kunena kuti ndi chinyezi cha kunyanja chimene chimasanduka mame m'kati mwa thanki yosadzadza. N'zoona zimachitika, n'chifukwa chake n'kwabwino kusiya mathanki odzadza ndege ikamakhala masiku osauluka. Koma mame amapereka timadontho. Mukapeza madzi a kapu, wakuba ali pena, ndipo kawirikawiri ndi mmodzi mwa awiri awa.

Woyamba ndi chitsekero cha thanki pamwamba pa phiko. Chili ndi kampira kozungulira kamene kamatseka mpata, ndipo dzuwa la October la kuno limakawumitsa mpaka kung'aluka ngati chidendene cha mlimi. Chichotseni, mukapinde kampirako ndi zala pa kuwala. Mukaona timing'alu, kasinthidwe ndege isanauluke. Yang'ananinso pa phiko kumbuyo kwa chitsekerocho. Mukaona mzere wa buluu wothimbirira, ndiye kuti mafuta amatuluka pamenepo m'mwamba, ndipo potulukira mafuta mpolowera mvula. Zitsekero zina zakale zimakhala m'kadzenje kolowa m'phiko, moti madzi amadikha pamwamba pake usiku wonse. Zimenezo kambiranani ndi injiniya wanu zoti aike zija zotukuka ngati ambulera. Ife titasintha timipira tiwiri, zinthu zotchipa kuposa chakudya chamasana ku Senga Bay, vuto la chaka chimenecho linathera pomwepo.

Wachiwiri ndi diramu. Avgas simungaipeze pomwetsera galimoto pa Kamuzu Road, ndiye ambiri a ife timabwera nayo m'madiramu a malita 200. Diramu yoimika chilili panja imasunga madzi a mvula pamutu pake. Masana ikatenthedwa imatulutsa mpweya, usiku ikazizira imakoka, ndipo pokokapo imayamwa madzi aja kudzera m'mazinga a chitsekero, ngakhale chomangidwa zolimba. Igonekeni chammbali pa mitengo iwiri, pamthunzi, zitsekero zake ziwiri zikhale chopingasa, china kumanja china kumanzere, kuti mafuta azizimiza m'kati. Tsiku lothira, iimikeni mopendekeka pang'ono ndi kuisiya ikhazikike. Mwambo wa anthu a mafuta a ndege ndi mphindi 15 pa futi iliyonse ya kuya kwa avgas, ndiye diramu yodzadza ipatseni mphindi 45 kapena ola. Paipi ya pampu isafike pansi penipeni, ndipo malita otsiriza musawaumirire. Thirani kudzera mu fanelo ya sefa yotsekereza madzi, ndipo mulumikize waya pakati pa diramu, fanelo ndi ndege musanatsegule thanki, chifukwa mafuta akamayenda amapanga magetsi oti kamoto kamodzi kokha n'kokwanira.

Tsopano kachingidwe kake, poti apa mpamene ndinapusa kachiwiri. Chaka chotsatira, m'mawa wina, ndinachingira botolo, kuliyang'ana, kuona kuti mulibe mzere wolekanitsa madzi ndi mafuta, ndipo ndinali pafupi kulitaya. Bambo amene amatilondera ndege, munthu wachikulire amene anakhala msodzi zaka zambiri, anali ataima pambali ndi tochi yawo.

"Bwana, pepani ndifunse nawo. Mafuta anu aja si amakhala a buluu?"

"Eya, madala, ndi a buluu."

"Nanga lerotu ayera ngati a pa mjigo."

Botolo lonse linali madzi okhaokha. Mzere sunaoneke chifukwa munalibe mafuta oti alekane nawo, ndipo fungo linandinamiza, poti madzi ogona m'thanki amanunkha avgas. Kuyambira tsiku limenelo botolo ndimaliyang'anira pa thupi loyera la ndege kuti mtundu uoneke. Avgas 100LL ndi ya buluu wopepuka. Mukakayika, donthezerani madzi pang'ono m'botolomo: akakhala mafuta enieni, dontholo limamira n'kukhala pansi ngati mkanda, likangosowa, zonsezo ndi madzi. Mafuta ooneka ngati chifunga ali ndi madzi amene sanakhazikike, adikireni. Ndipo oyera kapena achikasu pang'ono, oterera m'zala, osiya banga la mafuta papepala akauma, angakhale Jet A-1, mafuta a ndege za jeti, amene injini ya mapisitoni ngati yathuyi amaiwononga m'mphindi zochepa.

Chingirani potulutsira paliponse, kuyambira kumapiko kutsirizira ku sefa ya kunsi kwa injini, ndipo za ku sefazo muzigwire m'botolo, osangokoka kachingwe n'kumwaza pansi osaona chimene chatuluka. Ndege yathu ili ndi potulutsira pamodzi pa phiko lililonse. Ma 172 opangidwa kuyambira 1996 ali ndi malo 13, asanu pa phiko lililonse ndi atatu kumimba, umboni woti opanga ndegewo anaona kuti madzi amabisala. Pa bwalo la udzu ndege siima mowongoka. Tayala limodzi likalowa m'kadzenje, madzi amathawira ku ngodya yopanda potulutsira. Ikankhireni pamalo osalala. Mukapeza madzi ngakhale pang'ono, gwirani nsonga ya phiko muigwedeze ndegeyo, wina atsitse mchira pang'onopang'ono, dikirani mphindi zingapo, chingiraninso, mpaka kutuluke mafuta okhaokha kangapo motsatizana. A ma Cessna 182 akale, aja a mathanki a mpira, achite zimenezi mowirikiza, chifukwa mpirawo ukakalamba umachita makwinya pansi ndipo khwinya lililonse ndi kadamu.

Kamodzi pa mafuta a galimoto, poti mtengo wa avgas umayesa munthu. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo wina amachokera pafupi pompano, ku Dwangwa, kumene fakitale yake inayamba mu 1982. Galimoto zilibe naye vuto. Koma ethanol amamwa madzi n'kuwabisa, moti botolo lanu lionetsa zoyera, kenako kukazizira m'mwamba madzi ndi ethanol zimalekana ndi petulo n'kutsikira pansi pamodzi. Amadyanso mipira ndi mapaipi a ndege zakale. Zilolezo zimene zimalola Cessna kumwa petulo wa galimoto zimakaniza petulo wa ethanol. Injini za Rotax 912 za tindege topepuka zimalola mpaka 10 pa 100, ndiye eni ake ayeze: thirani gawo limodzi la madzi m'botolo, lembani mzere, onjezani magawo asanu ndi anayi a petulo, khutchumulani, dikirani. Madzi akakwera kupitirira mzere, ethanol alimo, ndipo kukwerako kukuuzani kuchuluka kwake.

Mukuchepetsa mphamvu, kapena muli phee m'mwamba: ayisi m'kabuleta

Munthu akamva koyamba amaseka. Ayisi ku Salima, kumene usiku timagona pakhonde? Koma pakhosi pa kabuleta mpweya umathamanga n'kuchepa mphamvu, mafuta n'kusanduka nthunzi, ndipo ziwirizi zimatsitsa kutentha ndi madigiri 20 kapena kuposa. Mpweya wa madigiri 22 wodzadza chinyezi cha nyanja ukafika pamenepo uli pafupi ndi ziro, madzi ake n'kuundana pa kachitseko ka throttle, choonjezera ndi kuchepetsera moto wa injini. Mabuku ophunzitsira amanena kuti zimatheka ngakhale kunja kuli madigiri 38, ndipo zimachuluka kukakhala pansi pa madigiri 21 chinyezi chitapitirira 80 pa 100. M'mawa wa dzinja pansi pa mitambo, kapena tsiku la mwera la June kuli kamvula kowaza, mpomwepo.

Kusiyana kwake ndi madzi ndi uku: madzi amabwera mwadzidzidzi, ayisi amabwera mokwawa. Pa ndege ya pulopela yosasintha ngati yathu, RPM (liwiro la kuzungulira kwa injini) imatsika pang'onopang'ono inu osakhudza kanthu, mumapezeka mwakankhako throttle kawiri osadziwa chifukwa, kenako injini n'kuyamba kunjenjemera. Pa ndege ya constant speed, imene pulopela yake imadzisintha yokha, RPM imakhala pomwepo, chimene chimatsika ndi manifold pressure, muyezo wa mphamvu ya mpweya wolowa mu injini.

Kokani carb heat yonse, osati theka: ndi chokokera cholowetsa mpweya wotentha m'kabuleta. Ndipo limbani mtima, chifukwa injini iyamba yaipiraipira: mpweya wotentha umachepetsa mphamvu, ayisi wosungunuka n'kulowa m'masilinda ngati madzi. Zimatha kutenga theka la mphindi kapena mphindi zingapo. Ambiri amachita mantha pamenepa n'kubweza chokokeracho, ayisi n'kumanganso mwamphamvu, ndipo injini ikazima palibenso utsi wotentha woti usungunule kanthu. Isiyeni mpaka RPM ikwere yokha. Potsika kuchokera ku Lilongwe kubwera kunyanja mumataya mafiti masauzande angapo injini ili pa mphamvu yochepa, ndiye kokani carb heat musanachepetse throttle, ndipo muzipatsako injini moto pakapita kanthawi. Pansi pokha musaisiye yokoka, chifukwa mpweya wake sudutsa mu sefa, ndipo fumbi la mabwalo athu ndi msasa weniweni m'kati mwa silinda. Injini za Continental, monga O-470 ya mu 182, zimagwidwa ndi ayisi msanga kuposa Lycoming, imene kabuleta yake inamangiriridwa ku beseni la oyilo wotentha. Koma Lycoming nayo imagwidwa, musaitame.

Patapita theka la ola kapena kuposa: funsani mavu

Nkhani iyi ndi ya kwathu kuno. Kunsi kwa phiko lamanzere la Cessna, kuseri kwa chitsulo chochirikiza phiko, kuli kapaipi kopindika koyang'ana kutsogolo. Ndi mphuno ya thanki: mafuta akamatsika, mpweya umalowera pamenepo. Mavu aja omanga zisa zadothi pakhoma amakakonda kwambiri, ndipo kuwapatsa masiku awiri atatu amakhala atamata. Aliyense amene anathirapo palafini kuchokera m'chigubu chopanda kabowo ka mpweya akudziwa chotsatira: amatuluka mogwiragwira, kenako n'kusiya. Ndege imanyamuka bwino, imauluka bwino, ndipo patapita nthawi injini imayamba kufooka ngati mafuta atha pamene geji ikuonetsa kuti alimo. Mukatera n'kutsegula chitsekero, mukamva kuti fyuu mpweya ukulowa, mwamupeza. Ndege zambiri zili ndi chitsekero chopumira ngati njira yachiwiri, koma kachitseko kake ka mpweya nakonso kamamatirira ndi ukalamba, ndiye musadalire.

Unikani ndi tochi m'kapaipiko ulendo uliwonse. Mukaona dothi, musalikankhire m'kati ndi waya, ndipo musapope mpweya wa kompresa, mungaphulitse thanki. Ntchito imeneyo ndi ya injiniya. Chotchinga cha kapaipiko ndege ikaima chikhale choti mpweya uzidutsa, chokhala ndi kansalu kofiira kakatali koti simunganyamuke osakaona. Mavu omwewo amamatanso pitot, kapaipi koyezera liwiro. Ofufuza ngozi ya Boeing 757 ya Birgenair imene inagwera m'nyanja itangochoka ku Puerto Plata, m'dziko la Dominican Republic, mu 1996, n'kupha anthu 189, anapeza kuti pitot inali yotsekeka ndipo anaganizira kwambiri mavu a mtundu womwewu, ndegeyo itakhala pansi masabata angapo. Ndiye chivindikiro cha pitot si chokongoletsera.

Mukadali komweko yang'anani sefa ya mpweya kumphuno. Nkhungu zikatuluka pa nyanja n'kuwolokera kumtunda, ndege yoyang'ana kumphepo imazisonkhanitsa ngati lichero la amayi a ku Nkhotakota. Ndipo mtambo wa nkhungu mukauona m'mwamba ngati utsi, uzungulireni.

Pansi, poyesa magineto: mapulagi

Ili ndi vuto laulemu, chifukwa limadzionetsa musananyamuke. Pa 172 ya zaka zathuzi timayesa pa 1700 RPM. Kiyi ikaikidwa pa magineto imodzi yokha, RPM isatsike kupitirira 125, ndipo ziwirizo zisasiyane kupitirira 50. Za ndege yanu zili m'buku lake, tsatirani zimenezo. Ikatsika kwambiri mbali imodzi uku ikunjenjemera, kawirikawiri ndi pulagi yakunsi imene yadzadza mtovu. Avgas 100LL ili ndi mtovu wambiri ndithu ngakhale LL ya m'dzina lake ikutanthauza mtovu wochepa, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono mixture (chokokera chosinthira kuchuluka kwa mafuta osakanizidwa ndi mpweya) ili yonse, mtovuwo supsa, umaundana ngati timikanda pa pulagi. Bwezerani kiyi pa BOTH, pamene magineto zonse ziwiri zimagwira ntchito, kwezani kufika cha m'ma 2000 RPM, kokani mixture pang'onopang'ono mpaka RPM ifike pachimake, khalani pamenepo theka la mphindi mukuyang'ana kutentha kwa injini, bwezerani mixture, yesaninso. Ikayera, pitani. Ikakana kawiri, zimitsani, muimbire injiniya. Mwina ndi waya, mwina magineto yeniyeniyo. Kiyi ikapita mbali imodzi RPM osatsika ngakhale pang'ono, musakondwere: ndiye kuti waya wozimitsira magineto waduka, ndipo pulopela imeneyo ingathe kuyaka mwana akangoipukusa. Kupewa kwake n'kukoka mixture kwambiri nthawi yonse imene mukuyenda pansi, kwambiri moti mutaiwala n'kukankha throttle yonse injini ingakane.

Palinso kulemera kwa injini kwa masiku otentha, kumene ena amakusokoneza ndi matenda. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, koma masana a madigiri 35 mpweya wa pa Salima umapyapyala ngati muli pa mafiti oposa 4,000, ndipo pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, limene lili kale pa mafiti 4,000, masana otentha ndege imamva ngati ili pafupi ndi 7,000. Mixture yonse pamenepo ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya, injini imalira mwaulesi. Buku la 172 limanena kuti pamwamba pa mafiti 3,000 muikoke mpaka RPM ikwere musanathamange.

Zikakugwerani muli m'mwamba

Musayambe ndi kufufuza. Yambani ndi liwiro: mphuno pansi, manoti 65 (muyezo wa liwiro la ndege) pa 172 yathu injini ikazimiratu, maso pa malo oti mungatere. Kenako dzanja liyende ulendo umodzi umene munauloweza muli pansi: carb heat yonse, kosankhira thanki pa BOTH (mathanki onse awiri), mixture m'kati, primer (kapampu kopopera mafuta poyatsa injini) yokhoma, kiyi pa BOTH ndipo ikapitiriza kunjenjemera yesani magineto imodziimodzi. Carb heat imayamba chifukwa ndi yokhayo imene imatha ntchito mukachedwa. Mukakhala kuti mwangonyamuka ndipo muli pansi kwambiri, terani kutsogolo, ngakhale m'munda wa chinangwa. Kukhotera kubwalo muli pa mafiti 300 injini itazima ndiko kumagwetsa ndege chamutu. Ine tsiku lija ndinazungulira chifukwa injini inabwerera yokha ndipo ndinayamba ndakwera.

172 yopanda injini imayenda pafupifupi makilomita awiri ndi theka pa mafiti 1,000 alionse amene ikutaya. Werengerani zimenezo musanalunjike pakati pa madzi popita ku Likoma. Ife timatsata gombe ndi msewu wa M5 kudutsa Nkhotakota mpaka cha ku Dwangwa, tikukwera, kenako n'kuwoloka tili pamwamba, majekete oyandamitsa titavala kale, osati ali m'chikwama kumbuyo. M'dzinja madambo a mpunga amaoneka osalala ngati bwalo la mpira mukawaonera m'mwamba, koma matayala akangokhudza matopewo ndege imagudubuzika. Mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa madzi kapena munda wouma ndi bwino.

Ndipo injini imene yatsokomola m'mwamba, ngakhale kamodzi kokha n'kusiya, ilembedwe m'buku la ndege tsiku lomwelo: inali nthawi yanji, pa mafiti angati, RPM inali pati, thanki iti, kunja kunali kotani, mafuta anachokera mu diramu iti. Pa ndege ya anthu atatu ngati yathu, wobisa amapereka vutolo kwa mnzake amene adzanyamule banja lake Loweruka. Injiniya wa chiphaso akabwera kuchokera ku Lilongwe, tsamba limenelo ndilo limamuuza ngati ayambire ku zitsekero, ku kabuleta kapena ku magineto, m'malo momasula zonse pa ndalama zanu. Diramu yokayikitsayo ilembeni ndi choko, muiike payokha mpaka iyezedwe.